Zala Zitatu za Nambala 14

Lachiwiri pa 11 Malichi, m'mawa, macheka a pa fakitale ya matabwa anadula zala zitatu zapakati za dzanja lamanja la bambo wina amene anzake kuntchito amangowatchula kuti Ankolo. Lolemba lotsatira, kampani ya inshuwalansi inakadandaula ku polisi kuti zala zomwezo inazilipira kale pa ngozi ya pa 6 Juni, zaka zitatu zapitazo.

Nkhaniyo inaperekedwa kwa Sajeni, mayi wa ku nthambi yofufuza zachinyengo, wosakonda kukweza mawu ndiponso wosakonda kufunsa funso limene yankho lake akulidziwa kale. Abwana ake anamuuza zinthu ziwiri zokha: kuti woganiziridwayo akadali m'chipatala chifukwa bala latukusira, ndi kuti tsiku limene madokotala amutulutse ndi tsiku lomwelo limene alowe m'chitokosi.

Sajeni anawapeza Ankolo pa bedi lakumapeto m'wodi ya amuna. Dzanja lamanja linali m'bandeji yaikulu ngati mutu wa khanda. Lamanzere linali pa unyolo, unyolowo ku chitsulo cha bedi. Kapu ya madzi inali pa kabati, patali ndi manja onse awiri.

"Zimenezi walamula ndani?" Sajeni anafunsa wapolisi amene ankalondera pakhomo.

"Abwana, mayi. Akuti angathawe."

"Athawe ndi diripi?"

Wapolisiyo anayang'ana nsapato zake. Sajeni anatenga kapu ija n'kuwamwetsa Ankolo. Anali bambo wa imvi za apa ndi apo, wa nkhope ya munthu amene sanachedwepo kuntchito. Atamwa anathokoza kawiri.

"Bambo, a inshuwalansi akuti zala zimenezi munazitaya kale ndipo munalandira chipukutamisozi."

"Mayi, ine Lachiwiri m'mawa ndinamanga ndekha mabatani a malaya. Ndinamanga ndi chiyani? Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa macheka, ngakhale chikhadabo sichinachokepo. Funsani aliyense."

"Pa 6 Juni, zaka zitatu zapitazo, munali kuti?"

"Juni ndimakhala pa tchuthi, chaka ndi chaka. Chaka chimenecho ndinkafolera nyumba yanga malata. Ndinali padenga, hamala ili m'dzanja lomweli."

"Munadindapo chala pa pepala lililonse la inshuwalansi?"

Ankolo anadzutsa mutu pa pilo, unyolo n'kulira. "Ine ndimasayina, mayi. Ndinapita kusukulu. Kudinda chala n'kwa ena."

"Chabwino. Nanga mwezi umenewo, pa fakitale panavulala munthu?"

Apa Ankolo anatembenuzira nkhope kukhoma. Namwino wokankha kangolo ka mankhwala anadutsa.

"Pa macheka anthu amavulala, mayi."

Sajeni anaona kuti sanayankhe kuti ayi.

* * *

Ofesi ya inshuwalansi inkanunkhira mankhwala opopera mpweya. Bambo amene anakapereka dandaulo uja anali ndi mphete pa zala ziwiri, ndipo pa tebulo pake panali kabotolo ka mafuta odzola m'manja. Kumbuyo kwake, pakhoma, panali chithunzi cha thupi la munthu lotambasula manja, chiwalo chilichonse chili ndi mtengo wake pambali: diso, khutu, mwendo, chala chachikulu, chala chaching'ono. Sajeni anakumbukira chithunzi cha ng'ombe chimene chimapachikidwa kogulitsa nyama.

"N'zosavuta, a Sajeni," bamboyo anatero uku akufikisa mafuta m'manja. "Fakitale imalembetsa antchito ake okhazikika onse pamodzi, aliyense ndi nambala yake ya ntchito, yomweyo imene ili kumsana kwa ovololo. Wina akavulala, chipatala chimene tinagwirizana nacho chimamuthandiza, ife n'kulipira. Akataya chiwalo, timatumiza chipukutamisozi kwa olemba ntchito kuti akam'patse. Nambala 14 tinamulipira zala zitatu. Lero akufunanso zala zitatu zomwezo. Chala sichiphuka, mayi. Si chinangwa."

Anaseka yekha.

"Zaka zitatu zapitazo, alipo wa kuno amene analiona dzanjalo?"

"Ife timaona mapepala."

"Nkhope ya wovulalayo?"

"Mapepala, mayi. Tikati tiziyendera dzanja lililonse, ntchito tigwira liti?"

"Ndalamazo anasayinira ndani?"

"Anadinda chala chachikulu chamanzere, poti lamanja linali m'bandeji. Kapitawo wa pa fakitale anachitira umboni."

"Ulendo uno pempho labwera ndi kapitawo yemweyo?"

Bamboyo anasiya kufikisa manja. "Ayi, ndipo n'zimene zinatidabwitsa. Anabwera okha akazi ake, ndi pepala la dokotala m'kachikwama. Anakhala pa mpando mwakhalapowo, n'kukana kuchoka. Ku fakitale sanatitumizire kalikonse."

"Ndiye munthu wakuba amatumiza mkazi wake kudzakukumbutsani kuti anaba?"

"Akuba ena ndi opusa, mayi. Si vuto lathu."

Sajeni anaimirira. Bamboyo anatambasula dzanja lake lonyezimira kuti atsanzikane naye. Iye anatanganidwa ndi zipi ya chikwama mpaka dzanjalo linabwerera pa tebulo.

* * *

Sajeni anawapeza akazi awo a Ankolo kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Denga linali la malata osachita dzimbiri, okhomedwa m'mizere yowongoka.

"Ndinu apolisi? Mwabwera kudzamanga ine tsopano? Mangani, achemwali, manja ndili nawo awiri, simuvutika ngati kwa bambo aja."

"Ndabwera kudzafunsa, mayi. N'chifukwa chiyani munapita nokha ku inshuwalansi?"

"Chifukwa cha malalanje."

"Malalanje?"

"Kapitawo anabwera kuchipatala madzulo a tsiku la ngozi, atanyamula malalanje m'jumbo. Munthu amene sanapondepo pakhomo pano, ngakhale pamene tinataya mwana. Akuti, 'Alamu, za inshuwalansi musathamangire, tikonza tokha m'nyumba.' Mawa lake wabweranso, malalanje ena. 'Alamu, musathamangire.' Ndinati iii, chikondi chimenechi chachokera kuti? Mwamuna wanga amadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi, akuti gawo lake la inshuwalansi. Ndiye lero adulidwe zala, ine ndilandire malalanje? Ndinavala nsapato."

Anakutumula malaya mwamphamvu, madzi n'kumuwaza Sajeni kumaso. Sanapepese.

"Juni wa zaka zitatu zapitazo mukumukumbukira?"

"Denga ilo. Mwezi wonse anali pamwamba apo, ine ndikuponya misomali. Aneba onse akudziwa, ankadandaula phokoso."

"Atabwerera kuntchito, panasintha china chilichonse?"

Mayiwo anaima, chopanira zovala chili pakamwa. Anachichotsa.

"Ovololo."

"Inatani?"

"Akamapita ku tchuthi, ovololo amaisiya konko, ndi lamulo lawo. Atabwerera, Loweruka lake anandibweretsera yoti ndichape, yatsopano, yonunkhira sitolo. Chonsecho maovololo amagawa Januwale basi, ndipo kapitawo amaumira ngati akuchotsa m'thumba mwake. Ndinafunsa kuti yakale ija ili kuti, poti ndinali nditangoiika chigamba pa bondo. Nsalu ya katani yanga yakale, yobiriwira ya timaluwa toyera, sindinapeze ina. Anzake ankawaseka kuti avala zenera."

"Anayankha chiyani?"

"Akuti, 'Za kuntchito usamafunse.' Bambo amene amandiuza ngakhale za amene wayetsemula pa fakitale!" Anapanira malaya pa chingwe. "Ndipo kuyambira pomwepo anasiya kudzera njira ya kumsika. Kufupi n'komweko, koma amazungulira kumbuyo kwa sukulu, ngakhale kukugwa mvula. Ndinkaganiza kuti pali kamkazi kamene akukathawa. Ndinafufuza ndithu. Palibe."

"Njira ya kumsikayo pali chiyani?"

"Pali chiyani? Ogulitsa makala, osoka nsapato, ndi posungitsa njinga. Basi."

* * *

Asanapite kumsika, Sajeni anadzera ku fakitale. Kunja kwa geti kunali amuna ambiri okhala pa miyala, ena pa mapepala, onse maso ali pa kachitseko ka mlonda. Amenewo anali aganyu, odikira kuitanidwa. M'kati munali phokoso la macheka ndi utuchi wouluka umene unkamata m'mphuno. Aliyense m'katimo anali m'ovololo ya buluu ya nambala yoyera kumsana.

Mkulu wina wokalamba amene ankanola mano a macheka pansi pa shedi anamuona ataima, n'kudzuka. Anapukuta kampando ndi chipewa chake, n'kumupatsa, kenako n'kubwerera ku tupa yake. Kumsana kwake kunali nambala 5.

Kapitawo anabwera akuthamanga pang'ono, mimba patsogolo, kumwetulira kutayamba akadali patali.

"Mayi wanga! Bwana wanga! Mukanaimba foni, tikanakukonzerani malo abwino. Za Ankolo zatipweteka tonse, ine mpaka chakudya sichikulowa."

"Uyo wavala 20 uyo ndi ndani?"

Kapitawo anacheuka. Pa macheka aakulu panali munthu wamfupi, miyendo ya ovololo ataipinda kangapo, mikono ikulendewera mpaka kuphimba zala. Ankaikankhira m'mwamba ndi mano, manja ali pa thabwa.

"Ameneyo ndi 20."

"Ovololo si yake."

"Aaa, mayi wanga, muli ndi maso! Mwini wake ali pa tchuthi. Onani, eni fakitale ndi oyendera za chitetezo safuna kuona waganyu pa macheka. Akaima pakhonde paja amafuna aone manambala okhaokha. Koma matabwa sadziwa tchuthi. Ndiye nambala sigona, mayi. Mwini wake akapuma, nambala imagwirabe ntchito."

Ananena monyadira, ngati munthu amene akuonetsa mlendo munda wake.

"Waganyu akavulala ali m'nambala ya wina?"

"Mulungu amatisunga."

"Pa 6 Juni, zaka zitatu zapitazo, 14 anavala ndani?"

"Zaka zitatu! Mayi wanga, ine za dzana ndaiwala kale."

"Munachitira umboni chidindo cha chala."

"Ndimachitira umboni zambiri. Amandibweretsera kuchokera ku ofesi, ine n'kusayina. Funsani ku ofesi."

"Chipukutamisozi chinafika kuno. Munapereka kwa ndani?"

"Ku ofesi, mayi, ku ofesi. Koma abwana atuluka, ndipo kalaliki akudwala." Kumwetulira kunali kudakali pamalo pake, koma maso anali atauma. Anatsitsa mawu. "Kunena zoona, alamu aja akanadikira, zonsezi sizikanafika kwa inu. Ankolo tikanawaona bwino. Azimayi ena kufulumira."

"Mukanawaona ndi malalanje?"

Kapitawo anacheukira ku macheka. Kumbuyo kwake munthu wamfupi uja anakankhiranso mkono wa ovololo ndi mano, mano a macheka akuzungulira pafupi ndi nsalu yolendewerayo. Sajeni anayang'ana kumbali.

* * *

Posungitsa njinga panali pansi pa mtengo, chingwe chitazungulira njinga zoimikidwa mothinana. Wosunga njingazo anali bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, woonda, ndipo ankapereka timatabwa ta manambala kwa eni njinga ndi dzanja lamanzere. Ogulitsa makala ankamuitana kuti Kamanzere.

Ovololo yake inali itasuluka mpaka kuyera. Mkono wamanja unali wodulidwa pa chigongono. Nambala ya kumsana inali itasomoledwa, koma pamene inali, nsalu inatsala yakuda kuposa pena ponse, ndipo 14 ankawerengeka bwinobwino. Pa bondo lamanzere panali chigamba chobiriwira cha timaluwa toyera.

"Njinga yanu ili kuti, mayi? Kapena mukufuna kusungitsa nsapato?"

Sajeni anamuonetsa chiphaso chake. Kamanzere anachiyang'ana, n'kuseka mosatsegula pakamwa.

"Ngati ndi za njinga ya aphunzitsi ija, inapezeka."

"Ndi za dzanja lanu."

Analitulutsa m'thumba n'kulitambasula. Panali chala chachikulu ndi chaching'ono, pakati pake chipsera chosalala.

"Ili? Lachedwa kupeza alendo."

"Zinachitika liti?"

"Mwezi wa Juni, kukuzizira. Chaka chimene mwana wanga wachiwiri anayamba sukulu, zaka zitatu tsopano. Kapitawo anatuluka pa geti, akuti, 'Iwe, umadziwa macheka?' Munthu wanjala amadziwa chilichonse, mayi. Anandiveka iyi. Mikono inali yaitali. Tsiku lachitatu, mkono unakodwa."

"Anakutengerani kuchipatala ndani?"

"Iye yemwe, pa galimoto ya fakitale. Njira yonse akundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu. 'Ukafika, ndiwe 14. Dzina lako ndi lakuti. Ukalakwitsa akusiya pakhonde, ukafera pamzere ku chipatala cha aliyense.' Ine magazi ali chuchuchu, ndikubwereza dzina la munthu wina. Mpaka lero ndimalidziwa kuposa la agogo anga."

"Munadinda chala pa pepala?"

"Kawiri. Akuti n'za mankhwala."

"Anakupatsani chiyani?"

"Bedi labwino, zoona, sindinama. Mabulangete awiri. Potuluka, poti malaya anga anasowa, anati ovololoyi nditenge, koma nambala ndichotse. Ndi malalanje." Anakanda chipsera ndi chala chachikulu. "Kusenda lalanje ndi dzanja limodzi munayesapo?"

"Mukudziwa kuti zala zanu zinalipidwa?"

Munthu wina anabwera kudzatenga njinga, Kamanzere n'kulandira kathabwa, n'kumasula chingwe, n'kumanganso, zonse ndi dzanja limodzi ndi mano.

"Zinalipidwa kwa ndani?"

"N'zimene ndikufufuza. Mwini ovololoyi mumamudziwa?"

"Ankolo? Kale ankadutsa pano, moni ankapereka. Tsiku lina anandiona nditavala iyi, anayang'ana pa bondo, n'kuwoloka msewu. Sindinawaonenso." Analavulira pambali. "Ine sindinabwererekonso ku geti kuja. Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, ndiye anapitiriza. Ndinamuletsa, osamva. Mlongo wangayo anamutaya chaka chatha."

"Anamutaya bwanji?"

"Anapita m'mawa, osabwerako. Mlongo wanga atakafunsa, kapitawo akuti anakwera lole ya matabwa, wapita kukafuna ntchito ku minda ya kutali. Munthu wosiya ana atatu ndi nsapato zake zabwino pansi pa bedi! Kuyambira Seputembala, ngakhale foni. Mlongo wanga amangoti amuna ndi agalu."

"Tsekani chingwe chanu, bambo. Tipite kuchipatala."

"Njingazi asunga ndani?"

Sajeni anaitana wosoka nsapato.

* * *

Akazi awo a Ankolo anali atakhala pambali pa bedi, akuwadyetsa ndi supuni. Kamanzere atalowa, sanayang'ane nkhope yake. Anayang'ana pa bondo, supuni n'kuima m'malere.

"Katani yanga!"

Anadzuka, n'kugwada, n'kugwira chigambacho ndi zala ngati akupatsa moni m'bale wotayika. Kenako anaona dzanja la Kamanzere. Anatembenukira kwa amuna awo pang'onopang'ono.

"Bambo a ana, munkazungulira kusukulu chifukwa cha ichi?"

Ankolo anayang'ana kudenga.

"Ndikufunsa inu!"

"Aliyense amabwereketsa nambala," Ankolo anatero, mawu ali pansi. "Si ine ndinayambitsa. Ukapita ku tchuthi umasiya ovololo pa msomali, zotsalazo si zako. Ndipo tinkati ndi chifundo. Waganyu akavulala amakagona pabwino, m'dzina lako, m'malo mokafera pamzere. Ameneyu akanakhala kuti alibe nambala yanga, bwenzi dzanja lonse litawola."

"Zikomo kwambiri, Ankolo," anatero Kamanzere. "Ndinalibe mpata wothokoza, poti munkawoloka msewu."

"Za ndalama sindinkadziwa. Ndikulumbira. Ine ndinalandira ovololo basi."

"Ndipo simunafunse," anatero Sajeni.

"Ukafunsa, Januwale nambala yako amapatsa wina."

Sajeni anawayang'ana amuna awiriwo, wina pa bedi, wina chiimire, manja awo amanja ofanana ngati anachekedwa pa muyezo umodzi. Anafuna kuwamvera chisoni Ankolo, koma chisonicho chinakana kubwera. Anaitana wapolisi wa pakhomo uja.

"Kiyi."

"Koma abwana anati..."

"Abwana ndilankhula nawo ine. Zala zimene zinalipidwa ndi izo zaima apozo. Kiyi."

Unyolo utamasuka, Ankolo anakweza dzanja lamanzere n'kuliyang'ana. Akazi awo sanabwerere pa mpando. Anaika mbale pa kabati, patali, n'kupinda manja.

Sajeni anaimbira bambo wa inshuwalansi ali pomwepo, n'kumufotokozera mwachidule. Anakweza mawu a foni kuti onse amve.

"Ntchito yabwino, a Sajeni, yabwino kwambiri!" mawu onunkhira mafuta aja anatuluka m'foni. "Dandaulo lathu pa nambala 14 tilichotsa."

"Ndiye muwalipira."

"Aaa, pamenepo ndiye ayi. Ngati fakitale imalowetsa anthu osalembetsa m'manambala athu, yaphwanya mgwirizano. Tiimitsa zonse, antchito onse, mpaka maloya aone. Ndipo chipatalacho tichiuza lero kuti bedi limenelo sitikulipiranso."

"Nanga mwini zala zoyambazo?"

"Ameneyo si kasitomala wathu, mayi."

Mayi aja anatukwana mawu amene anachititsa odwala a mabedi oyandikana kudzutsa mitu. Sajeni anadikira kuti amalize.

"Musadule foni. Pa fakitale imeneyi, ndi manambala ati ena amene munalipirapo?"

Kunamveka kugogoda kwa makiyi a kompyuta.

"Nambala 9, diso lamanzere. Nambala 22, phazi. Ndi nambala 5, koma imeneyo tinaitseka."

"Munaitseka chifukwa chiyani?"

"Anamwalira, mayi. Mtengo unamugwera potsitsa pa lole, pa 17 Seputembala chaka chatha. Tinalipira zonse, bokosi ndi chipukutamisozi cha banja. Kapitawo yemweyo anachitira umboni."

Sajeni anaona m'maganizo mwake chipewa chikupukuta utuchi pa kampando, ndi msana wowerama pa tupa, nambala yoyera ili pakati pa mapewa. Iye anali atamusiya munthuyo akunola macheka masana omwewo.

"Mtembo unalipo?"

"Popanda mtembo sitilipira, a Sajeni. Ife si ana. Dokotala anauona, ndipo unatuluka m'chipatala pa galimoto ya fakitale."

Sajeni anadula foni. Kamanzere anali atagwira chitsulo cha bedi ndi zala zake ziwiri zija.

"Mayi," anatero, "wati mwezi wanji?"

Sajeni anaweramira pa bedi.

"Bambo, mkulu wonola macheka uja amatenga tchuthi mwezi uti?"

Ankolo anatembenuzira nkhope kukhoma, monga anachitira poyamba paja. Akazi awo anawagwira chibwano n'kuwatembenuza ndi mphamvu.

"Yankhani."

"Seputembala," anatero Ankolo.

Tsiku lomwelo Sajeni anafunsa kumanda onse a m'tauniyo. Panalibe kumene anaikako munthu wa dzina la mkulu wonola macheka, mwezi wa Seputembala kapena mwezi wina uliwonse. Galimoto ya fakitale inatuluka pa geti la chipatala pa 18 Seputembala itanyamula bokosi, kapitawo akuyendetsa yekha. Inabwerera ku fakitale madzulo ake, yopanda kanthu.